Eleftheria terrae

Eleftheria terrae ndi bakiteriya wa m'nthaka amene anadziwika koyamba mu Januwale 2015. Anapezeka m'dothi lotengedwa pamalo ena a udzu m'chigawo cha Maine, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la United States. Amatchuka chifukwa amapanga teixobactin, mankhwala amene m'labotale amapha mabakiteriya angapo oyambitsa matenda, kuphatikizapo amene amayambitsa chifuwa chachikulu cha TB. Asayansi amene anamupeza ataunika majini ake anaona kuti sakulowa m'gulu lililonse laling'ono limene linalipo kale, choncho anamuika m'gulu lakelake, pafupi ndi mabakiteriya otchedwa Aquabacterium. Dzina lake linaperekedwa mongoyembekezera, chifukwa kuti dzina la bakiteriya livomerezedwe pali malamulo ena ofunika kuwakwaniritsa kuwonjezera pa kungolengeza kuti wapezeka.

Chifukwa chimene anachedwera kudziwika

Dothi lolemera galamu imodzi lokha likhoza kukhala ndi mabakiteriya okwana mabiliyoni, a mitundu masauzande ambiri. Koma munthu akasungunula dothilo m'madzi n'kulipaka pa chakudya chimene asayansi amalerera mabakiteriya, chomwe chimakhala ngati phala lolimba ndipo chimatchedwa agar, ochepa kwambiri ndi amene amamera. Kawirikawiri amati ndi mmodzi pa 100 alionse. Otsalawo amaoneka bwinobwino pa maikulosikopu, koma m'kambale ka m'labotale sachulukana. Ena amafuna chakudya chochepa kwambiri moti chakudya chonona cha m'labotale chimawapha. Ena amadalira tinthu timene anzawo oyandikana nawo amatulutsa, ndipo ena amakula pang'onopang'ono kwambiri moti amaphimbidwa ndi okula msanga.

Vutoli linakhudza kwambiri ntchito yofufuza mankhwala. Mu 1943, Albert Schatz, yemwe ankagwira ntchito m'labotale ya Selman Waksman pa yunivesite ya Rutgers ku New Jersey, anapeza streptomycin kuchokera kwa bakiteriya wa m'nthaka wotchedwa Streptomyces griseus. Amenewa ndiwo anali mankhwala oyamba othandizadi pa TB. Mabakiteriya a gulu la Streptomyces ndi omwenso amatulutsa mbali yaikulu ya fungo lija limamveka chizimalupsa chikagwa pa nthaka youma. Kwa zaka pafupifupi 20 makampani anakumba dothi m'mayiko osiyanasiyana n'kupeza mankhwala ambiri, koma pofika m'zaka za m'ma 1960 anayamba kumangopeza omwe aja anali atawapeza kale. Sikuti nthaka inali itatha mankhwala, koma kuti ofufuza ankangozungulira pa kagulu kakang'ono ka mabakiteriya ololera kumera m'kambale.

Mmene anapezekera

Slava Epstein ndi Kim Lewis, a pa yunivesite ya Northeastern mumzinda wa Boston, anaganiza zoti m'malo motengera bakiteriya ku labotale, ndi bwino kumulerera kwawo komweko m'dothi. Mu 2002 analemba m'magazini ya Science za kabokosi kokhala ndi nembanemba zopyapyala kamene kanathandiza kulera mabakiteriya a m'mbali mwa nyanja omwe ankakanika kumera. Mu 2010 njirayi inakonzedwa kukhala kachipangizo kotchedwa iChip.

Kachipangizoka ndi kathabwa kapulasitiki kokhala ndi timabowo ting'onoting'ono mazanamazana. Dothi limasungunulidwa ndi kusakanizidwa ndi agar wamadzimadzi mpaka kufika poti bowo lililonse lilandire selo pafupifupi imodzi yokha. Kenako mbali zonse ziwiri amazitseka ndi nembanemba zimene zimalola madzi, chakudya ndi tinthu tina ta m'nthaka kudutsa, koma osalola bakiteriya kulowa kapena kutuluka. Akatero amakakwirira kachipangizoka m'dothi lomwe lija kwa milungu ingapo. Mwa njira imeneyi pafupifupi theka la maselo amachulukana, kusiyana ndi mmodzi pa 100 wa njira yakale. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa mabakiteriyawa akangochulukana kamodzi, amayamba kulola kumera m'kambale wamba.

Kampani ya NovoBiotic Pharmaceuticals, ya mumzinda wa Cambridge ku Massachusetts, inayesa mabakiteriya pafupifupi 10,000 oleredwa motere kuti ione ngati pali ena otulutsa zinthu zopha Staphylococcus aureus. Mmodzi mwa amene anachita bwino ndi ameneyu. Zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya Nature pa 7 Januwale 2015, m'lipoti limene dzina loyamba pa olemba ake linali la Losee Ling. Asayansi a pa yunivesite ya Bonn ku Germany anathandiza kufufuza mmene mankhwalawo amagwirira ntchito.

Malo ake m'magulu a zamoyo

Zamoyo zonse zimaikidwa m'magulu oloweranalowerana, kuyambira lalikulu kwambiri mpaka laling'ono. Mayina a magulu amenewa pa sayansi ndi domain, phylum, class, order, family, genus ndi species. Species ndiwo mtundu weniweni wa chamoyocho, pomwe genus imasonkhanitsa mitundu yapachibale kwambiri. N'chifukwa chake dzina la sayansi limakhala ndi mawu awiri: loyamba ndi la genus, ndipo tingaliyerekeze ndi mfunda wa munthu, monga Phiri kapena Banda, umene anthu ambiri amagawana, lachiwiri ndi limene limapatula mtunduwo pakati pa abale ake.

Eleftheria terrae ali mu domain ya Bacteria, phylum ya Pseudomonadota, class ya Betaproteobacteria ndi order ya Burkholderiales. Wowerenga mabuku akale apeza phylum imeneyi ikutchedwa Proteobacteria. Dzinali linasintha mu 2021, pamene mayina a ma phylum analowa m'malamulo a katchulidwe ka mabakiteriya, ndipo ena odziwika bwino anasinthanso: Firmicutes inakhala Bacillota, Actinobacteria inakhala Actinomycetota.

Achibale ake apafupi, a genus ya Aquabacterium, anafotokozedwa koyamba mu 1999 kuchokera ku ndere zopyapyala za mabakiteriya zomata m'njira za madzi akumwa mumzinda wa Berlin. Palibe amene ankayembekezera kuti kubanja kumeneku kungachokere mankhwala opha mabakiteriya, popeza mankhwala otere ambiri anali atapezeka kwa Streptomyces ndi abale ake, omwe ali mu phylum ina kutalitali.

Mmene ubale umayezedwera

Mbalame kapena mtengo umadziwika ndi maonekedwe. Mabakiteriya alibe maonekedwe ambiri osiyanitsira: ena ndi obulungira, ena ndi otalikirako ngati kandodo, ena ndi opotana, ndipo mitundu yosiyana kwambiri ikhoza kuoneka chimodzimodzi pa maikulosikopu. Choncho amene wapeza bakiteriya yemwe akumuganizira kuti ndi watsopano amasonkhanitsa umboni wa mitundu ingapo.

Umboni wakale kwambiri ndi wa utoto. Mu 1884, dokotala wa ku Denmark dzina lake Hans Christian Gram anafalitsa njira yopaka mabakiteriya utoto imene imawagawa pawiri. Ena amasunga mtundu wa pepo, ndipo amatchedwa Gram-positive; amenewa amakhala ndi khoma lochindikala kunja kwa selo. Ena utoto wa pepowo umasukuluka n'kutsala ofiirira, ndipo amatchedwa Gram-negative. Amenewa khoma lawo ndi lopyapyala koma kunja kwake kuli nembanemba ina yachiwiri. Eleftheria terrae ndi Gram-negative. Pambali pa utotowu, ofufuza amaonanso chakudya chimene bakiteriya amadya, kutentha kumene amakula bwino, ngati amafuna mpweya wa okosijeni, kuchuluka kwa mchere umene angapirire, ndi mitundu ya mafuta opezeka mu nembanemba zake. Kwa zaka zambiri zizindikiro zoterezi ndizo zinali maziko a buku la Bergey's Manual, lomwe linatuluka koyamba mu 1923.

Zinthu zinasintha mu 1977, pamene Carl Woese ndi George Fox a pa yunivesite ya Illinois anasonyeza kuti ubale wa zamoyo ukhoza kuwerengedwa m'kachigawo ka selo kotchedwa 16S rRNA. Jini ya kachigawoka imapezeka mwa bakiteriya aliyense, ili ndi zilembo za DNA pafupifupi 1,500, ndipo imasintha pang'onopang'ono kwambiri pa mibadwo. Mabakiteriya awiri akamasiyana zilembo zambiri pa jini imeneyi, ndiye kuti makolo awo anasiyana kalekale. Masiku ano aliyense wopeza bakiteriya watsopano amayamba ndi kuwerenga jiniyi n'kuiyerekeza pa kompyuta ndi za mitundu yonse yodziwika. Mu 1994 kunakhazikika mfundo yakuti ngati kufanana kuli kochepera 97 peresenti, mabakiteriyawo ndi a mitundu yosiyana; mu 2006 malirewo anakwezedwa kufika pa 98.7 peresenti. Mfundoyi imagwira mbali imodzi yokha. Kufanana kukakhala kochepera malirewo, mtunduwo ndi wina ndithu, koma kukapitirira sizitanthauza kuti ndi mtundu umodzi, chifukwa jini imodzi singaulule zonse.

Pamenepa ndi pamene pamafunika kuyerekeza DNA yonse. Njira yakale inali yotenthetsa DNA ya mabakiteriya awiri mpaka zingwe zake zitalekana, kenako n'kuzisakaniza kuti zione ngati chingwe cha wina chingamatane ndi cha mnzake. Komiti ya akatswiri inagwirizana mu 1987 kuti kumatana kokwana 70 peresenti kapena kuposerapo kukhale chizindikiro cha mtundu umodzi. Ntchitoyi inali yotopetsa, ndipo malabotale awiri ankatha kupeza zotsatira zosiyana. Popeza tsopano kuwerenga DNA yonse ya bakiteriya kunatsika mtengo, kuyerekezaku kumachitika pa kompyuta. Muyezo wofala kwambiri umatchedwa ANI, ndipo umawerengera kufanana kwa zigawo zonse za DNA zimene mabakiteriya awiriwo ali nazo onse. Malire a mtundu umodzi ali pa 95 mpaka 96 peresenti.

Pa Eleftheria terrae, olemba lipoti la 2015 anawerenga DNA yake yonse, ndipo anagwiritsa ntchito jini ya 16S rRNA pamodzi ndi kuyerekeza kwa pa kompyuta kwa kumatana kwa DNA. Anapeza kuti si mtundu watsopano chabe, koma woyenera genus yatsopano. Chigamulo chotere chimadalira kwambiri nzeru za akatswiri, chifukwa malire a genus sanakhazikike ngati a species, ngakhale kuti ena amagwiritsa ntchito 94.5 peresenti pa jini ya 16S rRNA.

Ngakhale malire a species omwe si lamulo la chilengedwe. Ndi mgwirizano wa anthu, ndipo nthawi zina amaupatukira dala. Chitsanzo chili m'nthaka momwemo. Bacillus anthracis, Bacillus cereus ndi Bacillus thuringiensis ndi apachibale kwambiri moti akatswiri ena amati tikatsatira DNA yokha, malire apakati pawo sangakhale pomwe alipa. Koma woyambayo amayambitsa matenda a anthrax kwa ziweto ndi anthu, wachiwiri amadwalitsa m'mimba akachulukana m'chakudya, ndipo wachitatu alimi amamupopera pa mbewu kuti aphe mbozi. Dokotala ndi mlangizi wa zaulimi sangalole kuti atatuwa akhale ndi dzina limodzi, ndipo m'pomveka.

Dzina ndi malamulo ake

Mawu akuti Eleftheria achokera ku Chigiriki ndipo amatanthauza ufulu, pomwe terrae ndi Chilatini, kutanthauza "wa m'nthaka". Olemba lipotilo ananena okha kuti dzinali ndi longoyembekezera.

Mayina a mabakiteriya amayendera malamulo otchedwa International Code of Nomenclature of Prokaryotes, omwe amayang'aniridwa ndi komiti ya akatswiri ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Kale aliyense ankatha kupatsa bakiteriya dzina m'buku lililonse, moti panaunjikana mayina masauzande ambiri amene palibe ankadziwa bwino kuti akunena chamoyo chiti. Pofuna kuthetsa chisokonezocho, akatswiri anayambiranso pa 1 Januwale 1980 ndi mndandanda wa mayina ovomerezeka opitirira pang'ono 2,000. Otsalawo anataya mphamvu. Kuchokera nthawi imeneyo, dzina latsopano limavomerezeka pokhapokha litatuluka m'magazini imodzi yokha, imene masiku ano imatchedwa International Journal of Systematic and Evolutionary Microbiology, kaya monga lipoti lathunthu, kaya pa mndandanda wotsimikizira mayina amene anafotokozedwa m'magazini ena. Kutuluka mu Nature pakokha, ngakhale magaziniyo ndi yotchuka chotani, sikukwaniritsa lamuloli. Dzina losavomerezeka akatswiri a katchulidwe amalilemba mkati mwa zizindikiro za mawu ogwidwa.

Pamafunikanso kufotokoza chamoyocho mwatsatanetsatane, kulongosola kumene dzina lachokera, ndi kusankha mbewu imodzi yamoyo yoimira mtundu wonsewo, imene imatchedwa type strain. Kuyambira mu 2001, mbewu imeneyi iyenera kusungitsidwa m'nkhokwe ziwiri za tizamoyo tosaoneka ndi maso za m'mayiko awiri osiyana, monga DSMZ ya ku Braunschweig ku Germany, ATCC ya ku Virginia ku United States, kapena JCM ya ku Japan. Iyeneranso kupezeka kwa wasayansi aliyense woifuna. Mbewu yosungitsidwa pofuna kuteteza umwini wa malonda basi siwerengedwa. Cholinga cha lamuloli n'chomveka: munthu wina akapeza bakiteriya wofanana naye zaka 50 zikubwerazi, adzakhale ndi chinthu chamoyo choyerekezera nacho, osati mawu a papepala okha.

Pali mabakiteriya ena a m'nthaka amene anadutsa njira yonseyi m'zaka zomwezo, ndipo ena ndi a kuno kumwera kwa Africa. Asayansi a pa yunivesite ya Bremen, pogwira ntchito ndi anzawo a ku Namibia, anatenga mabakiteriya m'tinthu totupa ta kumizu ya mbewu zamtundu wa nyemba, monga khobwe, nzama ndi mtedza, m'dera la mtsinje wa Kavango. Atawayerekeza ndi mitundu yodziwika, anafalitsa mayina a Bradyrhizobium subterraneum ndi Bradyrhizobium kavangense mu 2015, kenako Bradyrhizobium vignae mu 2016, onse m'magazini yoyenera ija. Mabakiteriya a genus imeneyi amatenga nayitirojeni mumpweya n'kumupereka kwa mbewu, ndipo abale awo ndi amene amakhala m'mankhwala opaka mbewu ya soya isanadzalidwe. Kudziwa mtundu weniweni kumathandiza kusankha amene angagwirizane ndi mbewu komanso dothi la dera linalake.

Amene sanaleredwe n'komwe

Eleftheria terrae anali ndi mwayi chifukwa iChip inamuthandiza kumera. Unyinji wa mabakiteriya a m'nthaka umadziwika ndi DNA yokha, yotengedwa mwachindunji m'dothi popanda kulera selo ngakhale imodzi. Oterewa sangasungitsidwe m'nkhokwe, choncho sangalandire dzina lovomerezeka. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 kunayambika mwambo woika mawu akuti Candidatus patsogolo pa dzina la bakiteriya wotere, koma dzina lokhala ndi mawu amenewa silinkatetezedwa ngati mayina ovomerezeka.

Nkhaniyi inabutsa mkangano waukulu. Gulu lina la asayansi linapempha kuti DNA yowerengedwa bwino izitha kuimira mtundu m'malo mwa mbewu yamoyo, koma komiti inakana pempholi mu 2020. Mu 2022 gululo linakhazikitsa malamulo akeake otchedwa SeqCode, amene amalola zimenezi. Otsutsa amati DNA yosonkhanitsidwa pa kompyuta ikhoza kukhala yosakanikirana ya zamoyo ziwiri, ndiponso siuza munthu zimene chamoyocho chimachitadi. Ovomereza amati n'kosathandiza kusiya zamoyo zambiri chotero zopanda mayina kudikira tsiku limene wina adzathe kuzilera. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo pakali pano malamulo awiriwa akuyendera limodzi.

Gulu lake ndi teixobactin

Kudziwa kuti bakiteriyayu ndi Gram-negative kunathandiza kumvetsa khalidwe lofunika kwambiri la mankhwala ake. Teixobactin ndi kachingwe ka ma amino acid 11, ndipo amapangidwa motsogoleredwa ndi majini awiri akuluakulu otchedwa txo1 ndi txo2. Dzina lake lachokera ku mawu achigiriki otanthauza khoma. Amagwira tinthu tiwiri totchedwa lipid II ndi lipid III, timene bakiteriya amamangira khoma la selo yake. Tinthuti tikagwidwa khoma silimangika, ndipo selo imaphulika. Mu 2022 ofufuza a pa yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anasonyezanso kuti akagwira lipid II, mankhwalawa amalumikizana kukhala timaulusi timene timawononga nembanemba ya selo.

M'labotale teixobactin anapha Staphylococcus aureus wosamva mankhwala amene amatchedwa MRSA, Streptococcus pneumoniae woyambitsa chibayo, Bacillus anthracis ndi Mycobacterium tuberculosis. Anachizanso mbewa za m'labotale zimene anazipatsa MRSA. Koma mabakiteriya ambiri a Gram-negative, monga Escherichia coli, sawapha, chifukwa sangathe kudutsa nembanemba yakunja ija.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Bakiteriya wopanga mankhwala akupha ayenera kudziteteza kuti asadziphe yekha. Ambiri a Gram-positive, monga Streptomyces ndi abale ake, amakhala ndi majini apadera odzitetezera, ndipo majini oterewa akhoza kusamukira kwa mabakiteriya oyambitsa matenda n'kuwachititsa kuti asamamve mankhwala. Zikuganiziridwa kuti kusamva vancomycin, komwe kunaoneka m'zipatala patapita zaka pafupifupi 30 mankhwalawo atayamba kugwiritsidwa ntchito, kunabwera mwa njira imeneyi. Eleftheria terrae safunikira jini yotere: amatulutsira mankhwala kunja, ndipo nembanemba yake yachiwiri imawatsekereza kuti asabwererenso. Choncho alibe chida chodzitetezera choti adani ake angabwereke. Kuwonjezera apo, teixobactin sagwira puloteni, yomwe imasintha mosavuta jini ikasintha, koma amagwira tinthu tamafuta tovuta kusintha. Ofufuza analera Staphylococcus aureus kwa masiku 27 m'mankhwala ochepa osakwana kumupha, koma sanapeze wosamva mankhwalawo. Zimenezi sizikutanthauza kuti kusamva sikungadzachitike. Zikungosonyeza kuti m'mayesowo sikunaoneke. Teixobactin sanayambe kuperekedwa kwa odwala m'zipatala.

Wachibale wa ku North Carolina

Mu 2023, m'magazini ya Cell, asayansi a NovoBiotic, Northeastern, Bonn ndi Utrecht analengeza mankhwala ena otchedwa clovibactin. Anachokera kwa bakiteriya wopezeka m'dothi lamchenga la ku North Carolina. Jini yake ya 16S rRNA inafanana kwambiri ndi ya bakiteriya wa ku Maine uja, moti sanamupatse dzina la mtundu watsopano. Anamuika m'kagulu kapansi pa species, kamene kamatchedwa subspecies, n'kumutcha Eleftheria terrae subspecies carolina. Clovibactin nayenso amalepheretsa kumanga khoma la selo, koma amagwira mbali yotchedwa pyrophosphate imene imapezeka pa tinthu titatu tomangira khomalo. Dzina lake lachokera ku mawu achigiriki otanthauza khola, chifukwa amazinga mbaliyo ngati mmene khola limazingira chiweto.